Zitini Ziwiri za a Nguluwe

Padangokhala! Yankhani kuti tili tonse, ndipo amene maso ali pa foni aiponye m'thumba, nthano siibwerezedwa ngati voisi noti.

Padangokhala chulu chachikulu, ndipo nyama zinkakhala pamenepo motsatira kulemera kwa matumba awo. Pamwamba penipeni pankakhala a Nguluwe, eni kampani yoswa mtedza, eni golosale, eninso nyumba zonse za lendi. Pansi, m'matope, munkakhala aja oswa mtedzawo. Pakati pa chulu panali nyumba zabwinobwino, zamalata, zouma gwa, koma munkagona akangaude okhaokha. Wapansi lendi yake sakanaikwanitsa, wapamwamba sakanatsika.

Mwa apansiwo munali Bwampini, mayi wa masaya ngati zikwama. Mwamuna wake anapita ku Joni kukasaka, foni yake n'kusiya kugwira. Ana anali nawo asanu, koma dzinja lapitalo madzi analowa m'nyumba n'kumutengera kachitsiriza, anatsala anayi. Tsiku lomwelo Bwampini analumbira kuti mvula ina sidzamupezanso pansi. Kaya zivute bwanji, ana ake adzagona pakati pa chulu.

Koma kulumbira n'kwaulere, nyumba ndiye si yaulere. Malipiro kwa a Nguluwe anali chitini chimodzi cha mtedza pa tsiku. Lendi ya pakati nayonso inali chitini chimodzi pa tsiku. Ndiye usankhe wekha, kudya kapena kuuma.

Tsiku lina kunabwera a Khwangwala, nduna ya zantchito, kolala ili mbee! Anatera pa nthambi, chifukwa iwo pansi sankaponda.

"Tamverani, a pansi inu! Mfumu Njovu yati dziko lopanda nyama zapakati n'lochititsa manyazi. Mayiko a anzathu ali nazo, zimagula mafiriji, zimapereka msonkho, zimadandaula za mtengo wa mafuta. Ifenso tikuzifuna. Kuyambira lero malipiro otsikitsitsa ndi zitini ziwiri pa tsiku!"

Nthungululu, mluzu, kuvina. Bwampini anamukumbatira Fuko, mdala wosaona bwino amene ankaswa naye mtedza pamkeka umodzi.

"Madala, mwamva? Chimodzi chakudya, china cha lendi. Ndakwera ine!"

"Mwakwera kale, chemwali? Nanga mapazi anuwa akundiponda bwanji pansi pano?"

A Nguluwe nawonso anawomba m'manja, ndipo anawomba kuposa onse. Masana omwewo kuseri kwa ofesi kunamveka kho! kho! kho! Aliyense anaganiza kuti akukhoma chitseko.

Nthawi yolandira itakwana, zitini ziwiri zinaperekedwadi, zodzaza mpaka kusefukira. Koma Bwampini sankayenda ndi jumbo, malipiro ake ankanyamulira m'masaya. Kale chitini chimodzi chinkadzaza masaya onse awiri ndendende. Lero anathira choyamba, anathira chachiwiri, masaya n'kudzaza ndendende momwemuja.

Analavula mtedza uja n'kulanda chitini, kuchitembenuza. Kunsi kwake kunali kutalowa m'kati, chiboda chikuoneka bwinobwino pamene chinaponda.

"Bwana, chitinichi chatani?"

"Chatani bwanji? Lamulo lati ziwiri. Mwalandira zingati?"

"Ziwiri, koma..."

"Wotsatira!"

Mawa lake pamkeka panabadwa nyimbo. Inali yaifupi. Woyambitsa ankafunsa kumene mimba ya chitini yapita, onse n'kuyankha kuti yasamukira kwa mwini wake, kenako ankagogoda makoko pansi motsanzira kukhoma kuja. A Nguluwe ataimva anasangalala, ati antchito oimba ndi antchito okhutira.

Bwampini sanathere pa kuimba. Anathamangira pansi pa nthambi ya a Khwangwala ndi chitini chija.

"Olemekezeka, tatsikani muone chinthu ichi."

A Khwangwala anazungulira m'mwamba, kusuzumira. "Chodzaza. Chodzaza kwambiri. A Nguluwe ndi munthu wa malamulo."

"Kunsi, Olemekezeka! Muone kunsi!"

"Kunsi kuli matope, mayi. Kolala iyi ndi ya boma."

Anajambula chitini ali m'mwamba momwemo, n'kuponya chithunzi pa foni kuti dziko lione kuti apansi ayamba kudya bwino. Pobwerera anadutsira pa zenera la a Nguluwe, anatuluka ndi kapepala ka mtedza wokazinga kukamwa. Ati ya fanta.

Miyezi inadutsa, pakati pa chulu akangaude anangoberekana. Mfumu Njovu inafunsa kuti nanga apakati aja ali kuti. A Khwangwala anabweranso pa nthambi yawo.

"Mfumu yakumverani chisoni. Malipiro otsikitsitsa tsopano ndi zitini zitatu!"

Nthungululu za ulendo uno zinali zoonda. Koma Bwampini anawerengera m'mutu mwake. Zitatu zopondedwa zinkaposako chimodzi chakale. Anadzimana, anawamana ana, anasonkhanitsa mtedza wokwana chitini chenicheni cha makedzana, n'kukwera nawo kugolosale kwa a Nguluwe.

"Bwana, ndabwera ndi lendi. Ndikufuna nyumba ija ya chitseko chobiriwira."

"Mwasankha bwino, mayi! Izi ndiye timafuna, chitukuko."

A Nguluwe anawerama n'kutulutsa chitini china pansi pa kauntala. Ichi nachonso chinakhomedwa, koma chokhomera kunja. Mimba yake inali tuu, ngati ya mayi wa pathupi pa miyezi isanu ndi inayi. Bwampini anathira mtedza wake wonse, sunafike ndi theka lomwe.

"Bwana, ichi ndi chitini kapena ndowa?"

"Chitini. Changodya bwino."

"Lendi yakwera liti?"

"Ndani wakweza? Chitini chimodzi pa tsiku, monga kale. Ine ndi munthu wopemphera, sindikweza lendi."

Bwampini anatsika magazi akuwira. Nyimbo ija anaiyambitsa yekha tsiku limenelo, mokuwa, mpaka makoko amene ankagogoda anasanduka fumbi.

"Madala," anatero kwa Fuko, "munthu ali ndi chitini cholipirira, alinso ndi cholandirira. Ine ndili ndi masaya. Tiona."

"Pageti pali Kanyimbi, chemwali."

"Kanyimbi amasecha matumba. Kodi anasechapo m'kamwa mwa mzimayi?"

Anayamba geni yake. Poweruka ankakolowetsa mtedza wa kampani kuseri kwa masaya, malipiro ake n'kunyamula m'chitenje. Pageti ankangogwedeza mutu ngati wadwala dzino. Zinayenda, zinayendanso. Koma apansi ena ataona, nawonso onse anadwala mano. A Nguluwe anadabwa kuti kampani yonse yatupa masaya, ndiye anaika lamulo latsopano: aliyense potuluka pageti aziimba mluzu.

Bwampini anamva za lamuloli atafika kale pageti, masaya ali ndi katundu.

"Mluzu, asisi," anatero Kanyimbi, mlonda uja.

"Mmm."

"Si mluzu umenewo."

"Mmm-mmm."

"Asisi, ine ndili pantchito. Imbani, kapena ndikweze mchira."

Bwampini anayesa kuimba mluzu. Phwaa! Mtedza kumaso kwa Kanyimbi, wina m'diso, wina m'mphuno. Mchira unakwera. Zomwe zinachitika pamenepo, ana ake omwe anakana kugona naye pafupi sabata yonse. Mtedza umene anasunga unalandidwa, ndipo chilango chake chinali kusesa kuofesi kwa a Nguluwe kopanda malipiro owonjezera.

Uku kumwamba kunayamba kuchita mdima masana, mabingu akugunda patali. Ana ankati akamva bingu, ankakwera pamwamba pa mtondo n'kukhala chete, maso pakhomo pamene madzi analowera chaka chatha. Bwampini ankayang'ana kumbali.

Ndiye tsiku lina akusesa, a Khwangwala anagwera pa zenera la ofesi, wefuwefu, kolala itapotoka.

"A Nguluwe, tafa! Mfumu ikubwera mkuja kudzaona apakati!"

"Apakati ake ati?"

"Amene ndinaiuza kuti adzaza pakati pa chulu! Ndakhala ndikuponya zithunzi, ndimati sidzabwera, imadana ndi zitunda!"

"Bodza lanu likundikhudza bwanji ine?"

"Ikapeza akangaude, ifunsa za malipiro. Ikafunsa za malipiro, ifuna kuona chitini. Ndikamira ine, ya fanta ija ndiitchula."

A Nguluwe anakhala pansi. Thukuta kamukamu.

Bwampini anatsokomola, tsache lili m'manja, maso pansi ngati mkamwini watsopano.

"Pepani mabwana, si kuti ndimamvetsera. Koma nyumbazo zilipo, ife tilipo. Bwanji mutibwereke tsiku limodzi lokha? Mutiveke bwino, tikhale m'makhonde, tizimwetulira. Mfumu ikapita, titsika."

A Khwangwala anadumpha. "Mayi uyu ndi dolo!"

A Nguluwe anamuyang'ana mokayika. "Iwe, wakuba mtedza uja? Ukufuna chiyani?"

"Mundichotse pa tsache basi, bwana. Msana."

"Zokhazo?"

"Zokhazo. Koma pali kanthu kena kakundidetsa nkhawa, poti ndadya mchere wanu. Chitamba cha mfumu mukuchidziwa. Chimapisa paliponse, pansi pa kauntala, kuseri kwa ofesi. Chikakatola zitini zija..."

"Ndizikwirira."

"Dothi lofukula kumene limanunkha, bwana. Njovu imafukula madzi pamchenga, ingalephere chitini? Malo amene mlendo sapisa ndi amodzi okha, kuchipinda kwa mayi wapakhomo. Ngakhale mfumu imaima pabalaza."

A Nguluwe anaganiza, anaganiza, n'kuseka. "Umphawi umanola mutu, eti? Tenga, ukazibise kunsi kwa bedi m'nyumba imene ukhalemo. Chikangosowa chimodzi, Kanyimbi akudziwa kwanu."

"Ya chitseko chobiriwira ija, bwana?"

"Iliyonse!"

Ndiye munaona chitukuko cha tsiku limodzi. Akangaude anathamangitsidwa opanda notisi. Apansi anasambitsidwa, anavekedwa makolala odulidwa ku matumba a shuga. M'nyumba iliyonse munalowa katoni yaikulu yopakidwa laimu, ati firiji, ndi lamulo loti wina asayerekeze kuitsegula. Fuko anamuveka magalasi, anamukhazika pakhonde ndi nyuzi, anaigwira chadodolido. A Khwangwala ankazungulira m'mwamba kuphunzitsa.

"Mukafunsidwa kuti muli bwanji, musati tikuvutika. Muziti tili bize! Muzidandaula za netiweki!"

Mfumu Njovu inafika, chulu chikunjenjemera. Inadutsa khonde ndi khonde.

"Muli bwanji, bambo?"

"Tili bize, mfumu," anatero Fuko. "Netiweki."

"Ha! Apakati enieni!"

Pa chitseko chobiriwira Bwampini anali atagwada kale, ana anayi pambuyo pake, opakidwa mafuta mpaka kuwala. A Nguluwe anaima kumanja kwa mfumu, a Khwangwala pa denga, foni m'mwamba, akuonetsa dziko lonse pompopompo.

"Mayi, mwafika bwanji pano?" inafunsa mfumu.

Bwampini anayamba kulira. Misozi yeniyeni, chifukwa anangokumbukira kachitsiriza kaja, misozi inabwera yokha.

"Mfumu, lamulo lanu ndi labwino. Koma lamulo popanda bwana wamtima ndi mphepo. Bambo awa! Bambo awa, mfumu, Mulungu awasunge! Amakana kuti tizinena, ati zabwino sadzitama nazo. Koma lero andikhululukire, sinditha kukhala chete."

A Nguluwe anamwetulira, kuwerama pang'ono. "Aa, mayi, zisiyeni..."

"Sindisiya, bwana! Dziko lidziwe!"

Analowa kuchipinda, anatuluka akugubuduza chitini cha mimba chija.

"Lamulo linati zitini zitatu. Ena akanatipatsa tizitini wamba. Koma bambo awa anatenga hamala, anakhoma okha ndi manja awo, kuchikulitsa. Ichi ndiye amatilipirira, mfumu. Zitatu pa tsiku!"

Kumwetulira kwa a Nguluwe kunauma pomwepo. Mfumu inapisa chitamba m'chitini muja, chinalowa, chinalowabe.

"Ichi? Zitatu?"

"Musadabwe msanga, mfumu." Bwampini anathamanganso, anabwera ndi chopondedwa chija. "Lendi ndiye amalandirira ichi. Taonani kunsi. Anachiponda okha, chiboda chawo ndi ichi, ati ana anga, musamavutike, kangachepe komweko kandikwanira."

Apansi ovala matumba a shuga aja anayang'anana. Kanyimbi anatsitsa mchira mpaka pansi.

Mfumu inatembenuka. "A Nguluwe, zoona zimenezi?"

Tsono inu mukanayankha chiyani? Akati bodza, mfumu ifunsa kuti nanga chachikulu n'cha ntchito yanji, chaching'ono n'cha ntchito yanji, chiboda n'cha yani. Anayang'ana pa denga kufuna thandizo. A Khwangwala anatsitsa mlomo n'kunong'ona, "Vomerani, akulu. Anthu akuonera. Ma laiki akugwa ngati matalala."

"Ndi... ndi zoona, mfumu."

"Kwezani mawu, musachite manyazi ndi zabwino!"

"Ndi zoona!"

Mfumu inapukuta diso ndi khutu. "Ine ndimayesa mabwana onse ndi afisi. Lero ndaona. Ndikufuna ndione ndi maso anga mukulipira. Itanani onse!"

A Nguluwe analipira. Chitini cha mimba, katatu, kwa aliyense. Thumba linatha, linabwera lina, linathanso. Anafika pa Bwampini.

"Dzazitsani, bwana, monga mwa masiku onse," anatero Bwampini mokoma. Kwa nthawi yoyamba masaya ake anakanika, anachita kuyala chitenje.

Kenako aliyense anapereka lendi yake ndi kopondedwa kaja, mfumu ikuona, ndipo nyumba zinakhala zawo mwalamulo. Mfumu inakanda zitini zonse ziwiri ndi mnyanga kuti zizidziwika.

"Izi ndiye zitini za pachulu pano mpaka kalekale. Azisunga mayi awa, poti amakukondani chonchi. Ndipo tsiku lililonse, nthawi yolipira, ndizitumiza mabwana a madera ena adzaphunzire kwa inu, a Nguluwe. Muziwaonetsa bwinobwino."

Pamenepo Fuko anayambitsa nyimbo ija. Anafunsa kumene mimba ya chitini yapita, ndipo chulu chonse chinayankha kuti yabwerera kwawo. Mfumu inavina osadziwa tanthauzo, a Khwangwala anaponya pa foni kuti zonsezi ndi ndondomeko ya unduna wawo. A Nguluwe anaonda chaka chimenecho. Mabwana anzawo anawachotsa m'gulu la pa foni, ati anaononga msika. Mpaka lero mukawapeza akufukula m'munda mwa eni ake, mphuno ili m'dothi, musadabwe, akufunafuna mtedza wawo uja.

Mvula inabwera sabata yomweyo, ya mkokomo. Madzi anadzaza pansi ponse, anameza mtondo umene ana ankakwerapo. Bwampini anaima pa chitseko chobiriwira n'kuwerenga ana ake. Anayi. Anawerenganso. Anayi, ouma, akukanganirana bulangete. Anatseka chitseko.

Ndipo apakati anakhalapodi. Katoni ija inatuluka, firiji yeniyeni inalowa. Ana anayamba sukulu ya yunifolomu. Golosale ya a Nguluwe yomwe inayamba kugulitsa kuposa kale, ngakhale eni ake sankafuna kuvomera. Bwampini anayamba kudandaula za netiweki, ulendo uno mochokera pansi pa mtima.

Koma pansi sipakhala popanda munthu. Madzi ataphwa kunasamukira achule ochokera kutali, osowa pogwira. Bwampini, poti tsopano anali bize, analemba ntchito Chule mmodzi, mtsikana wa phee, woti azichapa ndi kutunga madzi.

"Malipiro mukuwadziwa, mayi," anatero Chule, maso pansi. "Ati zitini zitatu."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Lamulo limenelo ndinalimenyera nkhondo ndine."

Anayang'ana chitini cha mimba chija pa shelefu. Anayang'ana thumba lake la mtedza. Anayang'ananso chitini. Kenako anakumbukira kuti cha mfumucho ndi cha kukampani, pakhomo munthu amagwiritsa chake. Anatola chitini cha mkaka, anatola mwala, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Kho! Kho! Kho!

Pakhonde loyandikana, Fuko anatsitsa nyuzi, anakankhira magalasi pamphumi.

"Chemwali, mukukhoma chitseko?"

"Ayi madala, ndikungowongola kachitini."

"Mukukawongolera mbali iti?"

Kuseri kuja Bwampini anaika mwala pansi.

Fuko anakonza pakhosi, n'kuyambitsa nyimbo ija pang'onopang'ono, kufunsa kumene mimba ya chitini yapita. Ndipo kuchokera pansi pa chulu, achule onse anayankha.

Yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule isanapserere, ndipo pogawana aliyense atembenuze mbale aone kunsi.